Ana a Consorcia Balgos

Sampaloc, Manila
9 Febuluwale 1987

Manong Dulo, achimwene anga,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Nening ndi ana. Ine ndilipo, kungoti dzuwa layamba msanga chaka chino ndipo chipinda changa chasanduka uvuni. Khadi lanu la Khirisimasi ndinalandira. Koma zilembo zija, Manong, munkalemba muli m'bwato kapena mowa wa kokonati unali utafika kale m'mutu? Ndinachita kupita nalo pazenera kuti ndione ngati mukundifunira mafuno abwino kapena mukunditukwana.

Ndili ndi pempho. M'bokosi lachitsulo la Nanay, malemu mayi athu, muli magazini akale amene munkatuluka nkhani zawo zoopsa. Nditumizireni onse amene chiswe chinawasiya. Mukaikemonso tinsomba touma, ta kuno n'tamchere wokhawokha.

Chifukwa chake n'chakuti osindikiza mabuku ena akufuna kutulutsanso nkhani za malemu Fulgencio Marasigan. Mukudziwa kuti kuno amamutenga ngati tate wa nkhani zoopsa, moti chipinda chowerengeramo pa koleji pathu anachitcha dzina lake. Andipempha kuti ndilembe mawu otsogolera bukulo, ndiponso kuti mwezi wa Meyi ndikayankhule pa msonkhano, kumuyerekeza ndi mlembi wina wa nthawi yake. Ine ndasankha Consorcia Balgos. Inde, Nanay athu omwe. Akuluakulu a pa koleji anachita kufunsana kuti ameneyo ndi ndani.

Musanandifunse, palibe akudziwa kuti ndine mwana wawo. Nanay ankalemba ndi dzina la kwa makolo awo, ine ndimadziwika ndi la bambo. Komanso kuno aliyense amadziwa kuti kwathu ndi ku Iloilo. Ndinanena choncho tsiku limene ndinafika, poti munthu ukangotchula Capiz, kwathu kwenikweni, anthu amayamba kukusuzumira kumsana ngati kuli mapiko, akuti n'kwa mfiti zouluka. Bodza lija ndakula nalo, pano lili ndi imvi.

Mundiuze za maiwe a nsomba, ndi za denga lija ngati munalikonza.

Mlongo wanu,
Minyang


Sapian, Capiz
2 Malichi 1987

Inday Minyang,

Moni mlongo wanga. Tonse tilipo. Denga likudonthabe pamene linkadontha uli mwana, ndangosinthapo beseni. Nsomba zikukula bwino. Zilembo zanga zisiye, unaziwerenga ndiye kuti zinagwira ntchito.

Magazini ndi nsomba ndapatsira Isko wogulitsa nsomba, akwera sitima ya mawa. Ukamva fungo pa nkhani za Nanay usadabwe, zayendera limodzi.

Za Marasigan iwe umazidziwira m'mabuku, ine ndinamuona ndi maso. Unali kumsana nthawi imeneyo. Anabwera kuno atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akuti akudzacheza ndi mlembi mnzake. Nanay anamuphikira nkhanu, iye n'kumanyambita zala. Atakhuta anapita kuseri kukasamba m'manja, ndiye anasuzumira pazenera la kachipinda ka amalume athu, Tiyo Ambo. Ukudziwa mmene matenda aja a lubag anawachitira: khosi litapotokera kumbuyo, msana utapindika, lilime osafuna kubwerera m'kamwa. Iwo anayesa kumupatsa moni. Iye anangoima n'kumawayang'ana, kenako anabwerera patebulo n'kupempha khofi.

Chaka chisanathe nkhani ija inatuluka, ya aswang wa ku Sapian, mfiti imene masana imabisala m'kachipinda ka kuseri, usiku n'kumatalikitsa lilime kudzera pa denga. Dzina la tauni yathu sanasinthe n'komwe. Ndisakunamize, munthu uja ankadziwa kulemba. Ndinaiwerenga ndili pansi pa nyumba, ndipo ine amene ndinkawamwetsa phala amalume tsiku ndi tsiku ndinayamba kuopa kulowa m'chipinda mwawo. Tangoganiza, ngati inanditero ine, nanga anthu a kutali?

Kuchokera pamenepo aneba anayamba kuimika matsache chadodolido pamakomo pawo ife tikamadutsa, ena kuwaza mchere ndi kupachika adyo, akuti kutchinga mfiti. Ku Manila nako magazini anayamba kubweza nkhani za Nanay. Mkonzi wina anawalembera moseka kuti owerenga akuti mayi Balgos amazidziwa bwino zinthuzi chifukwa akuweta imodzi kunyumba.

Ndiye ndikufunse. Ukakaima pamaso pa anthu ophunzirawo, ukawauza kuti ndiwe mwana wa yani? Mako ndi mako, Inday, usamuone kuchepa mwendo.

Chichokereni pa maliro a Nanay sunapondeko kuno. Ubwera liti?

Manong wako,
Dulo


Sampaloc, Manila
29 Malichi 1987

Manong,

Moni kwa nonse. Katundu anafika, ndipo eni nyumba anga, Aling Doray, analawa nsomba zija n'kunena kuti anthu a ku Iloilo amadziwa kuyanika. Ndinangoti zikomo.

Ndawerenga nkhani zonse za Nanay ndi za Marasigan moyandikanitsa, ndipo mutu wanga wazungulira. Kwa Marasigan choopsa chimachokera kunja nthawi zonse. Ndi mlendo wotsika m'sitima, wantchito wochokera ku zilumba za kumwera ngati kwathu, munthu woyankhula mopotoka Chitagalogi, chilankhulo cha kuno. Ukatseka chitseko wapulumuka. Kwa Nanay ukatseka chitseko ndiye kuti zayamba kumene. Mukuikumbukira ija ya mwamuna wochokera kuchipatala, amene akufika kwawo n'kupeza mayi ake omubereka ataimika tsache chadodolido pakhomo? Mulibe mapiko, mulibe magazi, mwamunayo amangokhala pa masitepe mpaka nkhani kutha.  Marasigan amakuopsa ndi munthu amene waima panja. Nanay amakuopsa ndi iwe mwini amene uli mkati.

Pa koleji pali mkangano. Ophunzira ena akufuna dzina la Marasigan lichotsedwe pa chipinda chija, akuti ankanyoza anthu a kumwera. Aphunzitsi akale akuti ana inu khalani pansi, munthu anali wa nthawi yake. Akukangana za iye yekha. Tsankho lake lamudetsa dzina, koma dzinalo likutchulidwabe m'mawa ndi madzulo. Nanay tsankho la anthu ena linawafufutiratu, palibe ngakhale wowanyoza. Nditamuonetsa mkulu wa gawo lathu nkhani ya tsache ija, anaiwerenga n'kuvula magalasi, akuti, "Mayiyu anali katswiri ndithu. Pajatu amati anali mmodzi wa afiti aja, eti?" Anaseka, ena onse n'kuseka. Inenso ndinaonetsa mano.

Musandikwiyire, Manong. Ndikanena kuti ndine mwana wawo, adzati ndikungokometsa mayi anga ndipo palibe adzamvenso za nkhanizo. Ndikuganiza kuti ndiwathandiza kwambiri ndikakhala mlendo kwa iwo. Komanso Aling Doray ndi munthu woti akamva mbalame ikulira pa denga amathamangira mchere. Ndakhala m'nyumba muno zaka zambiri, ndipo ndi iwo okha amene amandifunsa ngati ndadya. Madzulo ndikabwera kuntchito ndimadya ndekha moyang'ana khoma, wailesi ya aneba ili pakamwa m'malo mwanga. Ndagwira njakata, musaone ngati n'zophweka.

Msonkhano uli pa 16 Meyi. Zikatha izi ndiona za ulendo wa kumudzi, mwina Khirisimasi.

Minyang


Sapian, Capiz
27 Epulo 1987

Inday,

Moni. Usadabwe kuona kalata yotaipa. Ndatulutsa makina a Nanay, ndikugogoda ndi chala chimodzi ngati nkhuku yotola mpunga. Si kudzionetsa ayi. Cholembera chayamba kundikana.

Ndakhala ndikuzemba kukuuza, koma palibe wina woti ndimuuze. Si mowa umene unapotoza zilembo zija. Zinayamba ndi dzanja chaka chatha. Pano khosi likukokera kumanzere, ndipo ndikatopa nsagwada zimatseguka zokha. Ndine wa msinkhu umene Tiyo Ambo zinawayambira. Suja Nanay ankati matendawa amadutsa mwa akazi n'kukagwira ana aamuna? Ndikudziwa kuti n'chifukwa chake iwe unakana amuna onse aja, ngakhale sunanenepo.

Nening anatenga ana n'kupita kwa makolo ake mwezi wa Januwale. Anati akukaona odwala. Ndinakulembera kuti tonse tilipo chifukwa ndinkayembekeza kuti abwera. Sindikumuda. Ana ankasekedwa kusukulu. M'nyumba muno tsopano ndimayankhula ndi beseni lija.

Kuli dokotala ku Manila amene akuti amaona matenda a mtunduwu. Ndikwera sitima kuti ndikafike kumeneko masiku a msonkhano wako. Ndikatuluka kwa dokotala ndidzadutsa kwanu. Sindidzalowa mu msonkhano, usaope, ndipo sindidzagona. Ndikungofuna ndikuone pamene pakamwa pakadali potheka kutchula dzina lako bwinobwino. Ngati sizingatheke undilembere msanga, ndidzamvetsa.

Kalatayi ndapatsira Isko kuti ifike msanga kuposa ya positi.

Dulo


Sampaloc, Manila
18 Meyi 1987

Manong,

Moni, ngati mukufunabe moni wanga. Chilembereni mwezi wa Malichi simunandiyankhe. Ndikudziwa kuti mwakwiya, koma kukhala chete choncho n'kundilanga mopitirira. Alamu anga ndi ana ali bwanji? Kapena nawonso mwawaletsa kundilembera?

Msonkhano unayenda bwino kuposa mmene ndinkaganizira. Holo inadzaza. Nditawerenga mokweza nkhani ya tsache ija onse anatchera khutu, ngakhale aja ankabwera kudzakangana za dzina la pa chitseko anaiwala zikwangwani zawo. Ndinawauza kuti Marasigan anatenga mantha amene anthu anali nawo kale n'kuwaveka nkhope ya anthu a chigawo chimodzi, pamene Balgos anatenga mantha omwewo n'kuwabwezera kwa eni ake. Anaomba m'manja nthawi yaitali. Osindikiza aja akuti aikamo nkhani zinayi za Nanay m'buku lomwelo. Mwaona? Njira yanga yagwira ntchito.

Panali kanthu kamodzi kokha. Kumapeto mtsikana wina anaimirira n'kufunsa ngati Consorcia Balgos anasiya ana, kuti mwina angawafunse za moyo wake. Ndinamwa madzi kaye. Kenako ndinati za banja lake sitikudziwa zambiri. Zinatuluka mosavuta moti ndinadzidabwa.

Ndikuuzeni zoseketsa kuti mtima utsike. Nditabwerera kunyumba tsiku lomwelo ndinapeza tsache la Aling Doray litaimikidwa chadodolido pa geti, mchere uli mbuu pa masitepe, adyo ali lende pa chitseko. Akuti masana kunabwera mwamuna wina wowonda, atakulunga thaulo m'khosi, mutu utapendekera kumbali, pakamwa pali yasa. Anaima pa geti nthawi yaitali akuyang'ana mazenera a m'mwamba. Iwo atamufunsa kuti, "Mukufuna yani, bambo? Ndinu a kuti?" anavutika kuyankha, kenako anati wasochera nyumba. Anamutulukira ndi tsache, iye n'kumapita pang'onopang'ono atagwira mpanda. Mayiwa akulumbira kuti anaona lilime. Ndinawauza kuti, "Aling Doray, mfiti yanji yoyenda masana dzuwa lili pamutu?" Iwo akuti za masiku ano zilibe manyazi. Ndinaseka mpaka misozi. Pamene ine ndikuwerenga nkhaniyo mu holo, iyo inali ikuchitika pakhomo panga. Nanay akanailemba kachiwiri.

Mwamuna uja anasiya kaphukusi pansi pa geti, koma mayiwa anakatola ndi ndodo n'kukatentha osakatsegula. Tsachelo likadali pomwepo, ndimalilambalala m'mawa uliwonse.

Ndiyankheni, Manong. Ngakhale mizere iwiri ya zilembo zanu zoledzera zija.

Minyang


Sampaloc, Manila
22 Meyi 1987

Manong Dulo,

Isko wabwera lero ndi kalata yanu ya mu Epulo. Akuti inatsalira m'thumba la jekete, ndipo wapepesa. Ndaiwerenga ndili chiimire pa geti, pambali pa tsache lija.

Manong, munali inu?

Kalata yanga ya Lolemba yapita kale, sindingathe kuibweza. Musaiwerenge. Ngati mwaiwerenga, sindikudziwa kuti ndinene chiyani. Munafika bwino kumudzi? Dokotala anati chiyani? Bwanji simunatchule dzina langa? Ndikupemphani, ndiyankheni.

Minyang


Sampaloc, Manila
14 Juni 1987

Manong,

Moni. Tsiku lililonse ndikabwera kuntchito ndimayang'ana pansi pa chitseko, palibe kanthu. Sindikudziwa ngati mukudwala kapena simukufunanso kumva za ine. Zonse ziwiri ndikuziopa. Ngati makina akuvuta, tumizani ngakhale pepala lopanda kanthu, ndidzadziwa kuti muli moyo.

Osindikiza akufuna mawu otsogolera aja mwezi uno usanathe. Ndimakhala patebulo, pepala lili yerere.

Minyang


Sapian, Capiz
25 Juni 1987

Inday,

Moni. Ndili moyo. Makalata ako onse atatu ali pano. Ndachedwa chifukwa ulendo uja unandigwetsa, ndipo chala changa chogogodera chinafuna tchuthi.

Inde, ndinali ine. M'kaphukusi muja munali nsomba zouma ndi mpango wa Nanay wa buluu uja, ndinkati udzavale pa msonkhano.

Ukufunsa chifukwa chake sindinakutchule. Mayi aja atafunsa kuti ndine wa kuti, ndinaona zenera lina m'mwamba lili ndi katani wa maluwa, ndinati mwina ndi lako. Ndinaganiza kuti ndikakutchula dzina lako lenileni n'kuti ndine mchimwene wake wa aphunzitsi a Herminia, wochokera ku Capiz, ndi khosi ili, ndiye kuti madzulo ano mlongo wanga alibe pogona. Unamanga nyumba yako pa Iloilo, sindinafune kuti ine ndikhale wozula nsanamira. Mayi aja usawade. Anawerenga zimene tonse tinawerenga. Tsache lenilenilo silinandipweteke, ndinalizolowera ndili mwana. Chinandilasa ndi chija unamuyankha mtsikana uja. Ndinakhala pa masitepe a kuno tsiku lonse nditawerenga pamenepo.

Dokotala anali munthu wabwino. Anandiuza kuti si ufiti, ngati kuti ine ndi amene ndinkafunika kuuzidwa. Mankhwala ochiza palibe, alipo ofewetsako thupi basi.

Za mkangano wa pa koleji panu, ngati maganizo a woweta nsomba akufunika, ndi awa. Mabuku a Marasigan asawotchedwe, ndipo dzina lake alisiye pa chitseko, analigwirira ntchito. Koma wina alembe kutsogolo kwa bukulo kuti munthu amene iye anamuona pazenera anali ndi dzina. Anali Ambrosio Balgos, mmisiri wa mabwato, ankaimba mu kwaya mawu asanapotoke, ndipo tsiku lija ankangofuna kupereka moni kwa mlendo. Akatero, wowerenga aziopa akudziwa chimene akuopa.

Usabwere chifukwa cha chisoni. Chisoni ndili nacho chokwanira, chikudzaza beseni.

Dulo


Sampaloc, Manila
6 Julaye 1987

Manong Dulo,

Moni. Mawu otsogolera apita kwa osindikiza. Ndikukutumizirani ndime yoyamba kuti muione musanaione m'buku:

"Mfiti yotchuka kwambiri ya Fulgencio Marasigan inali munthu, dzina lake Ambrosio Balgos, mmisiri wa mabwato wa ku Sapian, amene ankadwala lubag. Mlongo wake Consorcia Balgos, mlembi mnzake wa Marasigan, ndi amene anaphikira mlendoyo nkhanu tsiku limenelo. Pa msonkhano wa mwezi wa Meyi ndinanena kuti za banja la mayiyu sitikudziwa zambiri. Ndinanama. Anasiya ana awiri. Wamkulu ndi Teodulo, amene amaweta nsomba ku Sapian ndipo akudwala matenda omwewo. Wamng'ono ndi ine."

Mkulu wa gawo lathu anawerenga n'kuvulanso magalasi aja. Sanaseke. Anangofunsa ngati ndalingalira bwino, ndiye kuyambira tsikulo amandipatsa moni ali patali. Mtsikana wa funso uja ndinamufunafuna n'kumuyankha kachiwiri.

Aling Doray ndinawauza dzulo ali kusankha mpunga. Ndinati, "Munthu munamuthamangitsa uja ndi achimwene anga. Kwathu ndi ku Capiz." Anasiya kusankha mpungawo. Kenako anati, "Zaka zonsezi ndimadya nsomba zako." Sanakalipe, anangolira pang'ono. M'mawa uno ndapeza tsache laimikidwa pakhomo pa chipinda changa, mkati mwa nyumba. Ndalitenga, ndasesa nalo chipindacho bwinobwino, ndamanga katundu wanga.

Ndapempha tchuthi mpaka kumapeto kwa chaka. Ndikwera sitima ya pa 18. Si chisoni, Manong. Ndatopa kudya ndekha moyang'ana khoma, ndipo inu mukuyankhula ndi beseni. Ngati simukundifuna nenani, koma ndibwerabe, ndidzakhala pa masitepe.

Mlongo wanu,
Herminia, mwana wa Consorcia Balgos


Sapian, Capiz
13 Julaye 1987

Inday,

Moni. Ndime ija ndaiwerenga mokweza ndekha m'nyumba, pang'onopang'ono, poti pakamwa sipalola liwiro. Dzina la Tiyo Ambo linatuluka bwino. Lako linavutako, ndiziyeserera mpaka ufike.

Bwera. Ubweretse msomali ndi phula la denga ngati ungapeze. Ku doko sindidzatha kukuchingamira, ukwere galimoto yobwera ku Sapian, utsike pa tchalitchi. Msewu wathu wasintha, anamangamo nyumba zambiri ndipo mtengo wa mango uja anaudula, mwina ungasochere. Chibwerereni kuchokera ku Manila aneba aona mmene ndikuyendera, ndiye ayambiranso za kale zija.

Uzingoyang'ana pamakomo. Nyumba imene tsache lake lagona pansi ndi yathu.

Manong wako,
Dulo